"Zatchipa" si Chingerezi chowonongeka

Sabata yatha ndinali kwathu ku Nsanama. Pamsika, mnyamata wogulitsa kaunjika ankakuwa kuti, "Zatchipa lero, amayi!" Bambo ena amene ndinali nawo, mphunzitsi wopuma, anapukusa mutu. Ati ana a masiku ano akuwononga zinenero ziwiri nthawi imodzi: cheap ndi mfotokozi, ndiye akusanduka bwanji mneni? Bambowa ndimawalemekeza, koma apa pokha ayi.

Choyamba, ku Chingerezi komweko mawuwa sanayambe ngati mfotokozi. M'Chingerezi chakale, ceap linali dzina lotanthauza malonda, n'chifukwa chake msewu wa ku London pomwe panali msika umatchedwa Cheapside. Anthu ankati good cheap, kunena malonda abwino. Pofika zaka za m'ma 1500, good anagwa, cheap n'kutsala yekha. Ena anasintha tanthauzo lenilenilo. Nice anachokera ku nescius wa Chilatini, kutanthauza wosadziwa, ndipo cha m'ma 1300 ukamunena munthu kuti ndi nice unali ukumuti wopusa. Sure, amene ife timati "Shuwa?", gwero lake ndi securus, wopanda nkhawa. Tsono tanthauzo "loyambirira" limene tikuliteteza ndi liti?

Chachiwiri, mnyamata uja akutsata lamulo la Chichewa, sakuliphwanya. Chichewa chili ndi masinde ochepa kwambiri a afotokozi enieni, monga -kulu, -ng'ono, -tali, -fupi ndi -wisi, amene amatipatsa chachikulu kapena zaziwisi. Ena onse timawapanga kuchokera ku mneni, monga wokongola, kapena ku dzina, monga wanzeru. Mfotokozi wa Chingerezi akafika kuno amalowera khomo limodzi mwa amenewa. Cheap analowera kwa aneni: kutchipa, zotchipa, kutchipitsa. Fake analowera kwa mayina: foni ya feki. Busy anangokhala pambuyo pa -li: ndili bize. Koma simudzamva munthu pa Nsanama akuti "chachitchipa". Palibe anamuphunzitsa m'kalasi kuti asatero, khutu lake ndilo limakana.

Taonaninso mnzake wa kutchipa. Kudula kwa mtengo kuli pachibale ndi -dula wa Chizulu ndi duur wa Chiafrikaans. Bambo aja amati "feteleza wadula" osaona vuto, chifukwa mawuwo anakalamba nafe. Ndiye mlandu wa kutchipa ndi wotani? Kungoti Chingerezi chake chikumvekabe.

Pamene ndikugwirizana nawo ndi apa: mwana akalemba cheap ngati mneni pamayeso a Chingerezi a MSCE, amukonze, chifukwa kumeneko malamulo ndi ena. Koma kumuuza kuti sadziwa kuyankhula n'kumulakwira. Mwana wotere, amene mwina kunyumba amayankhulanso Chiyao, amakula akuchita manyazi ndi pakamwa pake, chonsecho galamala ya zinenero zake ali nayo bwinobwino m'mutu. Inu amene mudzakaphunzitse, musanafiiritse kope ndi bolopeni, yambani mwafunsa kuti mawuwo alowera khomo liti.