Linunda la thabwa la piyano

Mmisiri wokhoma maboti a matabwa ku Chipoka atati asuzumire m'kati mwa piyano, angazindikire msanga dzanja la mmisiri mnzake. Angaone thabwa la mtengo wa spruce, lokhuthala mamilimita 8 kapena 10 okha, ndi timitengo tomatidwa mopingasa kumsana kwake. Iye angati ndi nthiti, ndipo opanga piyano amatitcha chimodzimodzi.

Nsambo payokha imalira ngati udzudzu. Limene limakankha mpweya mpaka mawu adzaze tchalitchi ndi thabwali. Mukaliyang'ana mwamsangamsanga limaoneka losalala, koma pakati pake pamatukuka mamilimita ochepa, kalinunda koloza kunsambo. Nsambo zoposa 200 zimakoka ndi mphamvu ya matani ngati 18, ndipo mtolo umenewo umasenzedwa ndi chimango chachitsulo, nzeru imene Alpheus Babcock wa ku Boston analembetsa mu 1825. Thabwa limalandira kagawo chabe, kamene kamalipondereza kudzera pa kamtanda pomwe nsambo zatsamira. Linunda limakankha chobweza. Likaphwa, nsambo sizitsamiranso mokwanira, mawu amatuluka osalimba n'kuzima msanga.

Amisiri amasiyana pa kaumbidwe ka linundali. Ena amaumitsa thabwa kuti gwa, n'kumatapo nthiti zowongoka. Likayamba kumwa chinyezi limafuna kufufuma, nthiti zimaligwira mbali imodzi, ndiye limapindika lokha. Oyimba ambiri amati piyano zotere zikakhala zatsopano zimalankhula mokoma, ndipo sindikuwatsutsa. Ena amasema nthitizo zopindika kale, monga achitira wokhoma boti, kuti linunda lidalire nthiti osati kufinyika kwa thabwa.

Ine ndili kumbali ya achiwiriwa, ndipo chandiikako ndi nyengo ya kunyanja kuno. Njira yoyamba ija imasiya ulusi wa mtengo uli wofinyika moyo wake wonse. Mu Januwale, mvula ili pakati, thabwa limamwa chinyezi, koma poti nthiti zalimanga, ulusiwo umatswanyika pang'onopang'ono ndipo subwereranso mwakale. Likafika dzuwa la Okutobala, lija lowumitsa usipa pathandala tsiku limodzi, thabwa limanyala, n'kuyamba kung'aluka motsata ulusi. Mng'alu wokha sungaphe piyano. Vuto limabwera guluu akataya nthiti pafupi ndi mng'alupo: mukagunda mawu apansi mumamva kunjenjemera ngati kwa zitsekero za mabotolo pa bangwe. Woyimba bangwe amazikhomera dala zitsekerozo, pomwe pa piyano phokosolo limatanthauza kuitana mmisiri kuti adzamatenso nthiti.