Ulemu kwa Amisiri Olumikiza Makompyuta

PlayStation 5, yomwe inatuluka mu 2020, mtengo wake si wa mnyamata wogulitsa tomato pamsika wa Limbuli, kufupi ndi chipata cha Muloza. Ndiye ulemu wanga upite kwa mmisiri amene amatola kompyuta yakale ya muofesi, monga Dell OptiPlex, n'kuipukuta fumbi, kuwonjezera RAM, n'kulowetsamo khadi ya zithunzi ya GTX 1050 Ti kuti kompyutayo ikhale yosewerera magemu. Khadi ya 2016 imeneyi imadya mawati 75 okha, choncho nthawi zambiri pawa sapulayi yakale imakwanira.

Zoona, PlayStation n'kungolumikiza, mpira wayamba. Koma ikawonongeka, zipangizo zake n'zosowa. Kompyuta yolumikiza mumangosintha chimene chafacho, ndipo masana imalembanso makalata ofunsira ntchito.

Makolo, mwana akamamasula makina otere, musamukalipire. Mpezereni sikuludiraiva.