Luso la Kusafulumira m'Mafilimu Oseketsa a Apolisi

Mafilimu oseketsa onena za apolisi anayamba kalekale, pakuti kuchokera mu 1912 kampani ya Keystone ya Mack Sennett ku America inkaonetsa apolisi ogundana okhaokha ndi ogwa m'galimoto pothamangitsa wakuba. Nthabwala zimenezo zinkadalira liwiro, koma mtundu umene unadzakula pambuyo pake, monga Police Academy ya 1984 ndi Super Troopers ya 2001, unaika mtima pa wapolisi amene ali ndi nthawi yochuluka kuposa ntchito. Olemba ndemanga amatcha nthabwala za mtundu umenewu zotsika, kutanthauza kuti zimadalira thupi, mowa ndi mawu achipongwe ndipo sizifuna maphunziro kuti munthu aseke, komabe kutsikako kumabisa luso lenileni, lomwe ndi kudziwa kudikira.

Luso limeneli limaoneka bwino mu Super Troopers, imene inatsogoleredwa ndi Jay Chandrasekhar, pamene wapolisi wapamsewu dzina lake Foster amaimitsa galimoto atapangana ndi mnzake kuti alowetse kulira kwa mphaka kakhumi m'zokambirana zake ndi dalaivala. Foster amapempha laisensi, amafotokoza mlandu wa kuthamangitsa galimoto ndipo amalemba chindapusa nkhope ili gwa, pamene dalaivalayo akulimbana ndi phwete chifukwa sakudziwa ngati wamvadi zimene wamva, ndiponso ngati kuseka pamaso pa munthu wa yunifolomu sikungamuonjezere mlandu. Kamera sisuntha kwambiri, ndipo wolumikiza zithunzi sadula msanga, motero woonera amawerenga nawo mpaka kufika pa khumi, ndipo kudikirako n'kumene kumakhwimitsa nthabwala imene papepala ndi yachibwana.

Nkhani ya filimuyi ndi yopyapyala mwadala, chifukwa imangonena za apolisi asanu a m'chigawo cha Vermont, pafupi ndi malire a Canada, amene ofesi yawo ikufuna kutsekedwa pochepetsa ndalama za boma pamene akukangana ndi apolisi a m'tauni. Kupyapyalako kumasiya mpata wa zinthu zosapititsa nkhani patsogolo, monga mpikisano wogugudiza mabotolo a madzi otsekemera a mtengo wa maple, ndipo m'mipata yotereyi ndi mmene woonera amazolowerana ndi anthuwo. Osewera asanuwo ndi gulu la Broken Lizard limene linayambira pa Colgate University, ndipo kuzolowerana kwawo kumamveka m'mene amalandizirana mawu mosapikisana, ngati anthu amene akhala pa bawo limodzi zaka zambiri. N'chifukwa chake oikonda filimuyi anasonkha madola oposa mamiliyoni 4 pa tsamba la pa intaneti la Indiegogo mu 2015 kuti gawo lachiwiri, limene linatuluka mu 2018, lijambulidwe.

Komabe luso limeneli lili ndi malire amene opanga ake aluso amawasamala, pakuti wapolisi ndi munthu amene ali ndi mphamvu yomanga mnzake, ndipo nthabwala imafa pamene mphamvuyo yayamba kuvulaza. Pa chifukwa ichi mafilimu onse awiri amaika munthu mmodzi wokonda udindo mopitirira kuti akhale choseketsa cha anzake. Mu Police Academy ndi Harris, amene kulalata kwake kumagonja kwa ophunzira upolisi Mahoney ndi Larvell Jones, woseweredwa ndi Michael Winslow, yemwe amatsanzira kulira kwa mfuti ndi makina ndi pakamwa pokha. Mu Super Troopers ndi Farva, amene amamusiya pa wailesi ya mu ofesi chifukwa ukali wake sungadaliridwe pamsewu. Woonera amene anaimitsidwapo pamsewu mtima uli phaphapha amapeza mpumulo weniweni poona kuti wovala yunifolomu wankhanza ndi amene akusekedwa, pamene amene akuseka naye ndi anthu otopa ndi ntchito ngati iye mwini.