Kanema wa William Kamkwamba ndi Batire ya Galimoto

Kuno ku Nkholongue ambiri tilibe galimoto, koma batire ya galimoto timaidziwa bwino. Imayatsa nyale, imaliza wailesi, imaika moto m'mafoni. Ana athu nawo amapinda waya ndi kupanga timagalimoto toyendetsa ndi bango. Pali kanema wina wokamba za luso la manja ngati limeneli. Tiyeni timuone bwino, tidziwe cimene akutipatsa ndi cimene akutimana.

Kanemayu dzina lake ndi The Boy Who Harnessed the Wind, kutanthauza mnyamata amene anagwiritsa nchito mphepo. Anatuluka m'caka ca 2019. Anamukonza ndi Chiwetel Ejiofor wa ku Britain, potsata buku limene William Kamkwamba analemba pamodzi ndi Bryan Mealer mu 2009.

William anabadwa mu 1987. Kwawo ndi ku Wimbe, m'boma la Kasungu, tsidya lija la nyanja yathu. Pa njala ya 2001 ndi 2002 makolo ake analephera kumulipirira sukulu. Iye sanangokhala. Ankapita kunyumba yobwereka mabuku, ndipo m'buku lina anaona cithunzi ca makina ozungulira ndi mphepo. Cingerezi sankacidziwa bwino, koma ankatsata zithunzi ndi kufunsa tanthauzo la mau. Anatola cokupizira mphepo ca thalakitala, mapaipi a pulasitiki, njinga ya atate ake ndi dayinamo ya njinga. Zonse anazikweza pa nsanja ya mitengo ya bulugamu. Anthu ankati wapenga. Mphepo itaomba, nyale inayaka.

Cabwino ca kanemayu n'cakuti sabisa umphawi ndipo sauseka. Anamujambula ku Malawi komweko. Nkhokwe zopanda kanthu, banja kudya kamodzi pa tsiku, atate kukaniza njinga yao cifukwa ndiyo cuma cokha cimene catsala: zonsezi tikuzidziwa. Mau ambiri ndi a cinenero cathu. Ena mwa osewera si eni cinenero. Maxwell Simba, amene akusewera ngati William, ndi wa ku Kenya, ndipo khutu lathu limamva kuti lilime likupunthwa. Komabe anatilemekeza posankha kulankhula ngati ife.

Koma pali zinthu ziwiri zimene sitigwirizana nazo.

Coyamba, kanemayu akufulumizitsa nkhani. M'menemo makina atangoima, madzi akutuluka m'citsime, mbeu zikumera, mudzi wapulumuka ku njala. Sizinayende conco. Makina oyamba a William ankayatsa nyale ndi kuliza wailesi pakhomo pao. Njala inali itatha kale. Mpope wa madzi unabwera patapita zaka, anthu akunja atamva mbiri yake ndi kumuthandiza. Munthu woonera angaganize kuti dayinamo imodzi ya njinga ingathirire munda wonse. Akayesa n'kulephera, adzataya mtima.

Caciwiri, kanemayu akuonetsa misozi yambiri koma waya pang'ono. Buku ndilo likufotokoza nchito yeniyeni. Magetsi a dayinamo amayenda uku ndi uku, pamene batire imalandira oyenda njira imodzi. Pakati pake pamafunika kacipangizo kochedwa dayodi. Bukuli likunenanso za ngozi. Waya wosakutidwa bwino akakhudzana amatentha, ndipo denga la udzu silicedwa kugwira moto. Cifukwa cake William anapanga codulira magetsi ndi misomali iwiri yokulungidwa waya, pamodzi ndi maginito. Waya akagundana, ico cimadula magetsi cokha.

Phunziro limeneli ndilo tikulifuna kwambiri kuno. Batire ya galimoto ili ndi mphamvu ya mavoti 12. Siigwedeza munthu akaikhudza, n'cifukwa cake ambiri amaiderera. Koma mitu yake iwiri ikalumikizidwa ndi citsulo, citsuloco cimafiira. Conco pa waya wocokera ku mutu wa cizindikiro ca + tiziika fyuzi, pafupi ndi batire. Fyuzi ikapsa, tisamange waya m'malo mwake; tiyambe tafufuza cimene caipsereza. Madzi a m'batire ndi asidi, amaocha khungu ndi maso. Batire ikamadzazidwa imatulutsa mpweya wogwira moto, conco tisayandikize koloboyi kapena fodya.

Zizindikiro + ndi −, ndiponso manambala olembedwa pa fyuzi, zimafuna munthu wodziwa kuwerenga. Apa kanema ndi buku zikugwirizana: manja a William anali aluso kale, pakuti ankakonza mawailesi, koma kuwerenga ndiko kunamuonetsa njira.

Anzathu, kanemayu ndi woyenera kumuonera ndi ana athu. Amalimbitsa mtima. Koma asatinamize kuti luso limabwera tsiku limodzi. Mwera umaomba kuno miyezi ingapo caka ndi caka. Wofuna kuugwira ayambe ndi nyale imodzi ndi fyuzi yake.

Mafunso

1. Kodi makina oyamba a William ankagwira nchito yanji?
2. Cifukwa ciani timaika fyuzi pafupi ndi batire?
3. Lembani maina a zinthu zitatu za kwanu zimene zimayendera batire.