Mphunzitsi Wolemba: Za Buku la Nthondo

Abale, mphunzitsi amene auza ana kuti alembe nkhani, iye mwini osalemba, afanana ndi mmisiri wopanda kasemasema. Taonani Samuel Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma: buku lace la Nthondo linalandira mphotho m'caka ca 1933, ndipo Cullen Young analimasulira m'Cingelezi mu 1934. Mphamvu yace iri pa miyambo ya pamudzi, imene anaiona ndi maso; koma pofika pa kutembenuka mtima kwa Nthondo, mlembi afulumira, nayamba kulalikira. Ana a sukulu yanga kuno ku Ntaja ndinawawerengera mbali ziwirizo, nakonda yoyambayo. Usiku, poyesa zolemba zanga ndi muyeso womwewo, ndinapeza kuti inenso ndilalikira msanga.