Dzanja Limodzi, Nchito Ziwiri: Khumbo la Ufumu ndi Kugwa kwa Ngwazi m'Sewero la Macbeth

Mau oyamba

Sewero la Macbeth, limene William Shakespeare analemba ca m'ma 1606 ndipo linasindikizidwa koyamba mu 1623, ndilo lalifupi koposa mwa masewero ake a tsoka. Nkhani yake ndi yodziwika: msilikali wokhulupirika wa ku Scotland amva ulosi wakuti adzakhala mfumu, apha mfumu Duncan, alowa ufumu, ndipo pomaliza aphedwa. Kawirikawiri pophunzitsa sewero limeneli timati Macbeth anali munthu wabwino amene anasanduka woipa, ngati kuti khumbo la ufumu linamlowa kucokera kunja monga nthenda. M'nkhani ino tifuna kuonetsa kuti kafotokozedwe kotero kaperewera. Khumbo silinampatse Macbeth khalidwe lacilendo ai. Linangotenga kulimba mtima kumene kunamuchukitsa ndi kukulozetsa kwina. Dzanja limene linateteza mfumu ndilo lomwelo limene linaipha.

Ngwazi yomwe tionetsedwa poyamba

Tisanamuone Macbeth ndi maso, timva mbiri yake kucokera kwa msilikali wovulala (Gawo 1, Cionetsero 2). Iye asimba kuti Macbeth anang'amba cigawenga Macdonwald kuyambira pamcombo mpaka kucibwano, nakapacika mutu wake palinga. Duncan atamva izi akondwera ndi kumtamanda monga mbale wake wolemekezeka. Apa tiphunzirapo zinthu ziwiri. Coyamba, kukhulupirika kwa Macbeth kudziwika ndi mwazi umene wakhetsa, pakuti sationetsa Macbeth akulangiza mfumu kapena kuweruza mlandu. Caciwiri, m'dziko la seweroli kupha kuli ndi mphotho. M'cionetsero comweco Duncan alamula kuti nduna ya ku Cawdor, imene inapandukira mfumu, iphedwe, ndi kuti udindo wake upatsidwe kwa Macbeth. Motero ngwaziyo ilandira dzina la munthu waciwembu isanacite ciwembu ciliconse, ndipo iphunzira kuti mpando wa mnzako umapezeka mwini wake akafa.

Duncan mwini adandaula kuti palibe njira yodziwira mtima wa munthu poyang'ana nkhope yake, ndipo mau ake asanazirale n'komwe Macbeth alowa (1.4). Omvera a Cinyanja angakumbukire pano za cikomekome ca mkuyu. Koma mwambiwu sukwanira bwino, cifukwa Macbeth sanali kunamizira pamene anali kumenyera mfumu yake. Kukhulupirika kwake kunali koona, kungoti kunali kusanayesedwe. Mpaka tsiku limenelo cabwino ca mfumu ndi cabwino ca Macbeth zinali kuyenda njira imodzi. Njirazo zinapatukana pamene Duncan analengeza kuti mwana wake Malcolm ndiye adzalowa ufumu, ndipo pomwepo Macbeth anayamba kuona mwanayo monga copunthwitsa coyenera kulumphidwa.

Kodi analodzedwa?

Funso ili ndi lofunika kwa mphunzitsi wa kuno kwathu. Tikamasulira dzina la akazi atatu aja kuti "afiti", wophunzira amaganiza msanga kuti Macbeth analodzedwa, ndipo munthu wolodzedwa saimbidwa mlandu wonse. N'zoona kuti anthu a nthawi ya Shakespeare ankaopa ufiti. James, mfumu ya Scotland amene analowanso ufumu wa England mu 1603, anali atalemba buku la nkhani imeneyi, Daemonologie, mu 1597. Komabe tikawerenga mosamala Gawo 1, Cionetsero 3, tiona kuti akaziwo sachula za kupha mfumu ngakhale kamodzi. Alosera maudindo cabe. Ganizo lakupha liturukira mwa Macbeth mwini, ndipo limuopsa kotero kuti tsitsi limuima. Banquo nayenso alandira ulosi, wakuti mbadwa zake zidzakhala mafumu, koma iye acenjeza mnzake kuti mphamvu za mdima zimanena zoona zazing'ono kuti zimgwetse munthu pa zazikulu. Anthu awiri amva mau pamalo amodzi, wina asolola mpeni, wina ai. Kwa Macbeth akaziwo ali ngati alauli osati olodza: anena zam'tsogolo, koma njira asankha yekha.

Liu lakuti "dyera" nalonso lingasoceretse. Wadyera amafuna cuma kapena cakudya, ndipo amakhuta kwa kanthawi. Macbeth sationetsa kuti akhumbira golide kapena minda. Cimene afuna ndi kukhala pamwamba pa onse, ndipo njala imeneyo ilibe mbale yoikhutitsa. N'cifukwa cake m'nkhani ino tasankha kunena kuti khumbo la ufumu.

Munthu wocimwa akudziwa

Shakespeare anatenga nkhaniyi m'mabuku a mbiri a Raphael Holinshed, makamaka osindikizidwa mu 1587, koma anasintha zambiri. Macbeth wa m'mbiri anapha Duncan kunkhondo mu 1040 ndipo analamulira mpaka 1057. Kwa Holinshed, Banquo anali nawo m'ciwembu, ndipo Macbeth analamulira bwino zaka khumi asanayambe nkhanza. Shakespeare anamuyeretsa Banquo, amene mfumu James inkamuwerengera monga kholo lake, anafafaniza zaka zabwinozo, ndipo anabwereka kwa Holinshed yemweyo nkhani ina, ya Donwald amene anapha mfumu Duff itagona m'nyumba mwake. Kusintha konseku kuli ndi colinga cimodzi: kumlanda Macbeth cowiringula ciliconse.

Macbeth mwini adziwa zimenezi. Ali yekha m'linga lake ku Inverness (1.7), awerengera zifukwa zoletsa: Duncan ndi mbale wake, ndi mfumu yake, ndiponso ndi mlendo wake, amene mwini nyumba ayenera kumtsekera citseko kuti wakupha asalowe. Avomereza kuti mfumuyo yalamulira mofatsa, ndi kuti iye alibe comkankha cina koma khumbo lokha, limene alifanizira ndi wokwera kavalo amene alumpha mopitirira nagwera mbali ina. A. C. Bradley, m'buku lake la 1904 lonena za masewero a tsoka a Shakespeare, anaona kuti cikumbumtima ca Macbeth cimalankhula kupyolera m'zithunzi zoopsa za m'maganizo mwake. Mfundoyi ndi yoona, koma pano Macbeth aganizanso mwadongosolo monga woweruza. Sacimwa cifukwa ca umbuli.

Nanga n'ciani cimgonjetsa? Mkazi wake atalowa, Macbeth sabwereza zifukwa za cilungamo zija. Angoti mfumu yamlemekeza posacedwa ndipo anthu akumyamikira, tsono safuna kutaya ulemuwo msanga. Apa patsegukira mpata. Ngati kukhulupirika kwake kutsamira pa kutamandidwa, ndiye kuti amene angamlande citamandoco wamgwira. Mkaziyo acita zomwezo: amucha wamantha, nakayikira umuna wake. Munthu amene dzina lake lonse lamangidwa pa kusaopa sangapirire kuchedwa wamantha. Khumbo lokha likanalephera; lipambana cifukwa labvala covala ca kulimba mtima. Tiona kuti phunziroli analisunga, pakuti pofuna kupha Banquo, Macbeth awatokosa anthu aganyu ndi funso lomwelo la umuna (3.1).

Makwerero a kugwa

Imfa za m'seweroli zikandandalikidwa zionetsa m'mene dzanja lisiyanira ndi mtima. Duncan aphedwa ndi Macbeth mwini, ndipo wakuphayo abwerako akunjenjemera: alephera kuvomera pemphero, amva liu lomuuza kuti wapha tulo, ndipo aona kuti nyanja yonse singatsuke dzanja lake (2.2). Alonda awiri awapha m'mawa mwake mosazengereza, kuti asalankhule. Banquo amphetsa ndi aganyu, osamuuza ngakhale mkazi wake amene poyamba anali mnzake wa upo. Pomaliza atuma anthu kukapha mkazi wa Macduff ndi ana ake (4.2), imfa zimene sizimuonjezera mphamvu ngakhale pang'ono. Asanatume anthuwo anali atatsimikiza kuti kuyambira tsopano cimene mtima wayamba kuganiza dzanja licite pomwepo (4.1). Kuganiza kumene kunatsala pang'ono kumpulumutsa ku Inverness tsopano akuona monga cofooketsa.

Cina cofunika kuona ndi cakuti atangolowa ufumu khumbo lisanduka mantha. Adziwa bwino koposa wina aliyense kuti mfumu ingaphedwe ndi nduna yoikhulupirira, pakuti ndiye anaonetsa njira. Motero aulula kuti m'nyumba ya nduna iliyonse asungamo wanchito womlipira kuti azimuuza zonenedwa (3.4). Munthu amene anaswa kukhulupirika sangakhulupirirenso wina, ndiponso sangalandire kukhulupirika. Angus anena kuti asilikali ake amtsata cifukwa ca lamulo cabe, osati cikondi (5.2). Macbeth mwini adandaula kuti zinthu zoyenera ukalamba, monga ulemu, cikondi, kumveredwa ndi abwenzi ambiri, sangaziyembekezere (5.3). Zonsezi anali nazo tsiku lija Duncan anamtamanda. Anazigulitsa kuti agule mpando umene sunampatse ngakhale usiku umodzi wa tulo tabwino. Coipa citsata mwini.

Mau omaliza

Cimene Macbeth sataya mpaka mapeto ndi kulimba mtima. Atauzidwa kuti nkhalango ya Birnam ikuyenda, ndipo atamva kuti Macduff anacita kuturutsidwa m'mimba mwa amake nthawi isanakwane, adziwa kuti maulosi amnyenga, koma akana kugwada pamaso pa Malcolm ndipo afa akumenya nkhondo. Macduff abwera ndi mutu wake, monga momwe iye anacitira ndi mutu wa Macdonwald, ndipo mfumu yatsopano igawa maudindo kwa amene aithandiza. Malcolm amucha Macbeth wopha anthu monga ophera nyama, komatu luso lomwelo ndilo limene atate ake analiyamika paciyambi.

N'cifukwa cake tikuti sikokwanira kuphunzitsa seweroli monga nthano ya munthu wabwino amene anaipa. Funso limene Shakespeare aika pamaso pathu ndi lolemera koposa: kodi kukhulupirika kumene kumadyetsedwa ndi mphotho ndi citamando kudzaima bwanji tsiku limene mphotho yaikulu idzapezeka m'kupanduka? Wophunzira amene wazindikira kuti msilikali wa Gawo 1 ndi mfumu yankhanza ya Gawo 5 ndi munthu mmodzi wa dzanja limodzi, adzamva cisoni ndi mantha amene sewero la tsoka liyenera kudzutsa, pakuti adzaona kuti cimene cinamgwetsa Macbeth cinali mbali ya ubwino wake.