Ngoma ya kwa Zulu ndi omasulira ake

Kwa Inkosi Zulu ku Mchinji anthu amalima, kugulitsa ndi kuweruza milandu m'Chichewa. Koma amuna akavala zikopa, kunyamula zishango ndi zibonga n'kulowa m'bwalo kukavina ngoma, pakamwa pawo pamatuluka mawu amene ambiri mwa iwo sangawamasulire. Ndi zotsala za Chingoni chomwe anthu a Zwangendaba anawoloka nacho Zambezi mu 1835. Angoni a mfumu Mpezeni atakhazikika pakati pa Ansenga ndi Achewa n'kukwatira komweko, ana anayamwa chiyankhulo cha amayi awo, ndipo Chingoni chinatsalira m'nyimbo ndi m'mayamiko a mafumu.

Luso la woyambitsa nyimbo lili pa mpweya ndi phazi. Guleyu sadalira kwenikweni ng'oma yachikopa. Mapazi ogunda pansi, manja a amayi ndi mawu okoka a amuna ndiwo amamuyendetsa, choncho liwu lililonse lili ndi malo ake pamene phazi likutera.

Apa ndiye omasulira a pa zochitika amandikhumudwitsa. Wogwira chimkuzamawu amamva mayamiko odzaza ndi mayina a makolo, nkhondo ndi ng'ombe, iye n'kungoti akutamanda mfumu. Sananame, koma mbiri yonse waitaya. Ena amaiika nyimbo yonse m'Chichewa. Tanthauzo limamveka ndithu, kungoti mawu amatalika pomwe anali afupi, phazi n'kumatera pakati pa liwu, gule n'kuzilala.

Palinso obwera kuchokera ku Joni, amene atamva Chizulu cha kumeneko amafuna kuwongola katchulidwe ka agogo awo. Ine sindigwirizana nawo. Mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni, womwe unayambiranso mu 1980 ndipo Angoni a ku Mchinji amaupitira mu February podzera pa malire a Mwami, ambiri amautchula kuti Nchwala, popanda kaphokoso ka lilime komwe Azulu amachita pa chilembo c. Katchulidwe kameneka kakusonyeza mitundu imene Angoni anakhala nayo m'zaka pafupifupi 200, ndipo n'kawokawo.

Womasulira wabwino ayambe wafunsa akuluakulu a m'mudzi, afotokoze nkhani ya nyimbo gule asanayambe, kenako atule chimkuzamawu pansi ovina avine. Inu achinyamata a kwa Zulu, jambulani agogo anu pa foni akuimba ndi kufotokoza, ndipo mawuwo muwalembe monga momwe iwo akuwatchulira.